Njuchi za M'mapazi mwa a Haji

Oyandikana nane pamsika wa ku Fez ndi bambo achikulire ogulitsa mbale zamkuwa, omwe timawatchula kuti a Haji. Sitolo yawo ndi yokwera, moti amalowamo podzikoka ndi chingwe. Wogula aliyense amamwa naye tiyi wotsekemera, ndipo amakonda kunena kuti, "Mtengo sukambidwa kukhosi kuli gwa!"

Chaka chatha anayamba kudandaula kuti m'mapazi mwawo mukulira njuchi. Wometa anati ndi majini, ine ndinati ndi nsapato zothina. Mwana wawo Jawad anati, "Bambo, ndipatseni kiyi wa sitolo mukapume, musanagwe pachingwepo."

Kuchipatala anawapeza ndi matenda a shuga. Tiyi sanasiye, poti mlendo samwa yekha, koma anagula kaketulo kawokawo kosathira shuga. Mankhwala amamwa, ndipo m'mawa uliwonse amayenda mpaka kuchipata cha mzinda.

Patapita miyezi Jawad anabweranso kudzatenga kiyi uja.

"A Haji, njuchi zija zili bwanji?" ndinafunsa dala mokweza.

"Zasamuka, mwanawe! Zinasowa chakudya."

A Haji anagwira chingwe n'kudumphira m'sitolo, msika wonse ukuwomba m'manja. Kiyiyo akadali m'thumba mwawo.