Tiyi wa amama a ku famase

Ntchito yanga yoyamba inali pa kiliniki ina ku Chibanja mumzinda wa Mzuzu, kulemba mu kompyuta zotsatira za magazi a odwala. Ndinali ndidakali pa miyezi yoyesedwa. Bambo amene anandiphunzitsa ntchitoyo anati ndikamachoka pampando, ngakhale kupita kuchimbudzi, ndiziloka kompyuta. Wina akatsegula za wodwala ine kulibe, dzina lotuluka ndi langa, ndipo ntchito yathera pomwepo.

Tsiku loyamba ndinaloka. Pobwera ndinapeza amama a ku famase, amene anakhalitsa pamalopo kuposa aliyense, ataima pa desiki yanga.

"Mwana wane, watiyesa akuba?"

Anzanga anaseka. Ine ndinawamvetsa amamawo, chifukwa kwathu ku Dowa sukiya chitseko abale ali pakhonde. Pa kiliniki paja panalibe amene ankaloka. Ndinamvanso kuti adokotala asanalembe munthu ntchito yokhazikika, amayamba afunsa amamawo ngati ndi wakhalidwe.

Kenako amama anayamba kutchulatchula mnyamata amene ankafuna kukwatira mwana wa mchemwali wawo. Ankati anadzayezetsa magazi kwa ife. Sanandipemphe kanthu, ankangonena maso ali pa kompyuta yanga.

Kuloka kunali kuwatukwana, kusiya chotsegula kunali kudzichotsa ntchito, ndiye ndinangoleka kuchoka pampando. Ndinasiya kumwa madzi. M'mawa ku Mchengautuwa, kumene ndinkakhala, ndinkauza azakhali anga kuti tiyi ndikamwera kuntchito, kuntchito n'kumati ndamwa kale kunyumba. Ku Mzuzu kumazizira, ndipo kuzizira kumathamangitsira munthu kuchimbudzi ngakhale asanamwe kanthu. Ndinkapanikiza miyendo pansi pa desiki, milomo itauma, mutu ukuwawa, kudikira kuti onse aweruke. Kubwerera kumudzi sindikanatha. Mayi anga anali atauza kale mpingo wonse kuti mwana wawo ali pa ofesi.

Tsiku lina kukuwaza mvula, amama anabwera ndi kapu yaikulu ya tiyi wamkaka, atapanga okha. Anati ndaonda chomene, anthu aziti pano timazunza ana a eni. Anakoka mpando n'kukhala pambali panga.

"Imwa, ndikudikira kapu yanga."

Munthu wamkulu akakupatsa chinthu ndi manja ake sukana. Ndinalandira ndi manja awiri.

"Yewo, amama."

Ndinamwa pang'onopang'ono mpaka tiyi yense anatha. Analandira kapu yawo, koma sanadzuke. Kunali kudakali m'mawa.