Laputopu Yomangidwa pa Tebulo

Kachipatala komwe ndinatumizidwa nditachoka ku Chipata kanali mkati mwa chigwa cha Luangwa, kutali ndi boma la Chama. Netiweki kumeneko inali ndi malo ake. Mu ofesi munalibiretu, pakhonde inkabwera ikafuna, koma pachulu chachikulu kuseri kwa nyumba zathu anamwino inkagwira bwinobwino. Choncho tinali ndi kachitidwe kathu. Dzuwa likapendeka, odwala atachepa, mmodzi wa ife ankanyamula laputopu ya chipatala n'kukwera nayo pachulu, n'kukhala pansi pa mtengo wa tsanya akulimbana ndi akashembe mpaka zonse zitalowa. Umu ndi mmene tinkalandirira zotsatira za magazi a makanda kuchokera ku labu ya kutawuni.

Chaka china tinamva kuti bungwe lina lili ndi madishi a intaneti ochepa, oti liike m'zipatala zimene netiweki yake ndi yoipitsitsa. Tinasangalala, poti pa mpikisano wa kuipa kwa netiweki tinkadziwa kuti palibe angatipose. Kenaka kunabwera bambo wina wa ku Lusaka, wansapato zoyera zosadziwa fumbi, kudzaika pulogalamu yoyezera mu laputopu yathu.

“Iyi siituma chilichonse, ba sisita,” anandifotokozera. “Ikhala chabe zii, imvetsera vonse vamene vipita na kubwera, iona ngati vichedwa olo vitaika pa njira. Imwe sewenzani monga masiku onse.”

Tinagwiradi ntchito monga mwa masiku onse. Atabweranso patapita milungu ingapo, anatsegula pulogalamu yake n'kutiyamikira kuti netiweki yathu ili m'gulu la zabwino kwambiri m'boma lonse. Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Kodi ikanamva zoipa ziti, pamene zonse inazimvera pachulu? Ndinamutenga kukamuonetsa malowo. Iye sanaseke. Anati taononga miyeso yake, ngati kuti pachulupo tinkakwera pofuna kupitidwa mphepo.

Anapita ku galimoto n'kubwera ndi waya wa loko, wofanana ndi womangira njinga. Anamangirira laputopu ku mwendo wa tebulo la mu ofesi, kiyi n'kuika m'thumba mwake. Ndinamufunsa kuti nanga zotsatira za ana tizizilandira bwanji, poti zimatseguka mu laputopu imeneyi yokha, ndipo a ku labu saloledwa kuzinena pafoni.

“Muziyesa muno mu ofesi,” anatero. “Ikavuta, pulogalamu izaona, ndiye dishi muzapasidwa. Ni masiku ang'ono chabe.”

Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Ndinamulola, ngakhale mtima sunafune.

M'masiku amenewo panali mayi wina wamng'ono wochokera kutsidya kwa kamtsinje kamene kamauma m'chilimwe n'kulusa m'dzinja. Iye ankamwa mankhwala otalikitsa moyo, ndipo khanda lake tinali titalitenga magazi kuti tidziwe ngati nalonso liyenera kuyamba mankhwala. Pa nkhani imeneyi kuchedwa ndi kumene kumapha. Anabwera pa tsiku limene ndinamuuza, mwana kumbuyo, mapazi atatuwa ndi fumbi. Ndinatsegula laputopu, kachizindikiro kofufuza netiweki kankangozungulira. Ndinakweza makinawo m'mwamba mpaka pamene waya anathera, ndinatsegula zenera, ndinasendeza tebulo, koma ayi ndithu. Chulu ndinkachiona pazenerapo.

Anabweranso sabata yotsatira, zinali zomwezo. Ndinaimbira bambo uja ndili pachulu ndi foni yanga. Anati ali kutali, kiyi ali naye, ndipo waya ndi katundu wa bungwe, ndisayerekeze kumudula. Wamkulu wa chipatala chathu naye anaopa kuti tikadula, dishi itiphonya. Ulendo wachitatu mayiyo anafika mitambo itayamba kuda chakum'mawa. Chinyanja chake chinali chosakaniza ndi Chisenga, ndipo ankalankhula motsitsa.

“Ba sisita, manje nibwele liti? Mvula ikabwela sitingawoloke. Kunyumba bakamba ati nitaya nthawi ya kumunda.”

“Amama, pililani pang'ono. Vikabwela nizatuma munthu.”

Anamanga mwana wake n'kupita. Sabata yomweyo mvula inagwa ya mkokomo.

Bambo uja anatulukira msewu utatsala pang'ono kutsekeka, nsapato zija zili m'manja. Anakhala patebulo, natsegula pulogalamu yake, n'kuyang'ana kwa nthawi yaitali.

“Apa palibe chilichonse,” anatero. “Simunasewenzese?”

Ndinamuuza kuti tsiku lililonse ndakhala pampando umenewo mpaka msana kuwawa. Iye anandifotokozera modekha, ngati akuphunzitsa mwana, kuti pulogalamuyo imayeza zokhazo zimene zikudutsa. Ngati netiweki yafooka, imalemba kuti yafooka. Koma ngati palibe chimene chadutsa, ilibe choyeza, ndiye silemba kanthu. Ndinamufunsa ngati zimenezi ankazidziwa tsiku limene ankamanga waya. Anati sankaganiza kuti kuli malo amene netiweki ingasoweretu chonchi.

“Manje vuto ni yakuti ku ofesi baona miyeso chabe,” anapitiriza. “Yoyamba ikamba ati netiweki yanu ili bwino. Yachiwili izaoneka monga pano simusewenzesa intaneti. Nizayesa kubauza, koma sinilonjeza.”

Mpaka lero ndikaganiza mawu amenewo ndimapsa mtima. Titadzithandiza tokha, anati tilibe vuto. Titamvera n'kuvutika, anati tilibe ntchito nayo. Chida chimene anatibweretsera chinkamva odwala okha, akufa sichinkawawerenga, ndipo panalibe mmodzi kuofesiko amene anaganiza zongofunsa namwino.

Ndinatambasula dzanja, iye n'kundipatsa kiyi. Ndinakwera pachulu m'matope, laputopu ili m'pepala la pulasitiki, ndipo zotsatira zonse zinalowa nthawi yomweyo. Za mwana uja zinali pomwepo, ndipo zinali zitatumizidwa mayi ake asanabwere n'komwe ulendo woyamba. Ankayenera kuyamba mankhwala mwamsanga.

Tinatuma wothandiza zaumoyo wa m'mudzi, koma anabwerera pamtsinje, madzi ali m'khosi. Tinatumanso uthenga kudzera kwa asodzi, tinamva kuti banjalo lasamukira kuminda ya kumtunda chifukwa cha madzi. Dishi inapita ku chipatala china cha kufupi ndi msewu, kumene netiweki inkagwira mokwanira kuti ioneke kuti ndi yoipa.

Mayi uja ndinamuonanso chimanga chitacha, madzi ataphwa. Anabwera kudzatenga mankhwala ake, ndipo anakhala pamzere mpaka nthawi yake itakwana. Kumbuyo kunalibe mwana. Nditamupatsa mabotolo ake anawamanga pansonga ya chitenje, naima pakhomo.

“Ba sisita, vija vya mwana vinabwela?”

“Vinabwela, amama.”

“Lekani,” anatero. “Musaniuze manje.”