Nsomba ya Adona ndi Buledi Wogona

Chivundikiro cha chitini chija ndikadali nacho. Chinali cha chitini cha mkaka waufa, ndipo amalume anachiboola ndi msomali mabowo ambirimbiri kuti tizipalira tchizi, poti chopalira chenicheni tinalibe. Mano ake ndi akuthwa mpaka lero. Chinandisenda khungu la zala zitatu, khungulo n'kugwera m'chakudya, amalume n'kudya, n'kunena kuti tsiku limenelo ndiwo zinali ndi kanthu. Wallahi, sindikuwonjezera.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkakhala ku Joni, ku Alexandra, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachizulu, mwini malo, amene tonse tinkangowatchula kuti amastandi. Tinalimo atatu: ine, amayi ndi amalume, mlongo wawo wa amayi, amene anali mlonda. Kachipindako kanali kakang'ono moti amalume akafuna kudzinyolola, ine ndi amayi tinkayamba tatuluka kuti mikono yawo ipeze malo. Inali nyengo yachisanu, Juni kulowa Julaye, sukulu titatsekera. Amene sanagonepo m'malata ku Joni mwezi umenewu asandiuze za kuzizira. M'mawa wina ndinalavula pampopi, malovu n'kugwa pansi n'kugubuduka ngati mwala. Ndinawatola, ndinakawaonetsa amalume. Alipo, mutha kukawafunsa.

Amayi ankagwira ganyu ku Randburg masiku atatu pa sabata, kuchapa ndi kusita kunyumba ya adona ena. Ndiye kunabwera nkhani. Mayi wokalamba amene ankaphika kunyumbako ankabwerera kwawo kumapeto kwa Julaye. Adona anati ngati amayi angathe kuphika nsomba imene abwana ankadya Lachisanu lililonse, ntchito yonse ikhala yawo, pamodzi ndi chipinda cha kuseri kwa galaja, ndipo ayambe tsiku limene adzanene okha kuti akonzeka. Akalephera, abwera munthu wina amene aziphika n'kumachapanso, ndipo ngakhale masiku atatu aja atha.

"Koma chipindacho n'cha munthu mmodzi," anatero amalume akuyang'ana kudenga. "Adona safuna ana pabwalo."

Mawu amenewa ndinawamva ndi makutu anga awiriwa. Koma ine ndi amayi tinkafunda bulangete limodzi, choncho pa masamu anga tinali munthu mmodzi. Za ana zo ndinaganiza kuti akunena ana aphokoso. Ndinagwira mawu akuti kuli madzi otentha a pampopi, ena onsewo ndinawasiya adutse.

Tsono nsomba yake! Amayi anabadwira ku Mangochi. Chambo ankachidziwa pochiyang'ana m'maso, ndipo ankatha kuchitumbula akukambirana nkhani ina, osayang'ana n'komwe mpeni. Koma iyi, imene ankaitcha heki, inkabwera m'kabokosi, yoyera, youma ndi ayezi, yopanda mutu, yopanda mchira, yopanda mamba, yopanda minga, ngati zidutswa za sopo wochapira. "Nsomba yopanda maso uidziwa bwanji kuti inafa liti?" ankatero amayi nthawi zonse akamatsegula kabokosiko.

Adona analemba kaphikidwe kake papepala, ndipo wowerenga ndinali ine. Kuthira mchere ndi ndimu pansomba. Kusakaniza nyenyeswa za buledi, tchizi wopala ndi batala wosungunula. Kuunjika zimenezi pamwamba pa nsomba n'kupsinja ndi dzanja. Kulowetsa mu uvuni wotentha mpaka pamwamba pafiire. Mzere womaliza adona anaulemba mzere kunsi kawiri: pamwamba pake pazilira ukagogoda ndi foloko.

Kauvuni tinali nako, kakang'ono kamagetsi, kamene amalume anakatola kuntchito anthu atakataya. Chitseko chake tinkamanga ndi waya. Tikangokayatsa, magetsi a bwalo lonse ankathima, ndipo amastandi ankakuwa ali m'nyumba mwawo, "Malawi!" Sankafunsa kuti ndani. Dziko lonse, kuyambira Chitipa mpaka Nsanje, linkatukwanidwa chifukwa cha kauvuni kathu. Amalume ankapita kukapepesa m'Chizulu chawo chothyoka, n'kupempha kuti azimitse ketulo yawo kwa kanthawi.

Tinkayeserera Lachitatu ndi Loweruka, masana amalume atadzuka. Ndipo nthawi zonse zinkayamba chimodzimodzi. Amayi ankandituma kukashopu ka pakona kukagula buledi wongotsika kumene pagalimoto, wofunda, woti ukamufinya amabwerera. Munayesapo kupala buledi wofunda pa chivundikiro cha chitini? Sapalika. Amakulungika, amamata m'mabowo, amasanduka timipira ngati thonje lonyowa. Nsomba amayi ankaitsuka katatu monga timachitira kwathu, n'kuiika m'thileyi madzi akudontha. Pomaliza ankavundikira ndi mbale yachitsulo, poti chakudya sichikhala pamtunda ngati cha agalu.

Chimene chinkatuluka mu uvunimo ndilibe nacho dzina. Pamwamba panali phala la tchizi, lotuwa, lonanda. Pansi panali dziwe. Nsombayo inkapezeka itabwerera m'madzi, ndipo tsiku lina ndinaiona ndi maso anga ikusambira kuchoka mbali ino ya thileyi kupita mbali inayo, yopanda mchira choncho. Ndikulumbira. Amayi ankagogoda ndi foloko, foloko n'kumira. "Sizinatheke," ankatero modekha. "Tiyesanso Loweruka."

Kudekha kumeneko ndi kumene kunkandipsetsa mtima. Ndipo chakudya sichitayidwa, ndiye tinkadya. Masabata asanu tinadya phala limenelo. Amalume, munthu amene ndinamuonapo akudya mutu wa mbuzi mpaka kutsala mano okha, anayamba kunamizira m'mimba. Fungo linalowa m'bulangete, m'juzi, m'tsitsi. Ndikamapita kumadirasa amphaka ankandiperekeza, ndipo ankandidikirira pakhomo mpaka nditaweruka. Anali khumi ndi mmodzi, wina wa diso limodzi ndiye mtsogoleri.

Tsiku lina zala zikutuluka magazi ndinafunsa kuti bwanji osapala buledi wa dzulo, amene amanyenyeka yekha. Amayi anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Abwana a nyumba ngati ija uwapatse buledi wogona? Ndinakulera ine iwe? Munthu wamkulu sapatsidwa mkute." Nkhani inathera pomwepo, chifukwa zinali zoona. Kwathu mlendo akabwera, zogona timadya ndife kuseri. Ndinangokwiya chamumtima, ndi adona, ndi abwana amene sindinawaonepo, ndi nyanja yamchere yobala nsomba zopanda nkhope.

Pakona pomwepo, pafupi ndi kashopu, pankakhala mayi wina wa ku Chipata wogulitsa tomato ndi anyezi. Kwawo ku Zambia ankaphunzitsa atsikana zophikaphika kusukulu, ndiye ngakhale ali pa kreti ya tomato aliyense ankawatchulabe kuti aphunzitsi. Ndi iwo amene anandiitana tsiku lina ndikudutsa ndi amphaka anga.

"Iwe mwana, bwera kuno. Ukununkha ngati msika wonse bwanji?"

Ndinawafotokozera zonse, misozi ili m'maso. Anaseka mpaka tomato awiri anagubuduka kupita mumsewu.

"Buledi wake ndi wa dzana, wouma gwa! Nsomba uipukute ndi nsalu mpaka iume. Ndipo osavundikira, ukavundikira ituluka thukuta. Koma amako si a kunyanja? Anthu oyanika usipa padzuwa angalephere kudziwa kuti chouma ndiye chimalira m'kamwa?"

Kenaka anasiya kuseka. Anafunsa ngati ntchitoyo inali yogonera konko. Ndinati eya, ndipo kuli madzi otentha. Aphunzitsi anayamba kusanja tomato amene anali wosanja kale.

"Asiye amako aziphika mmene akufunira," anatero.

Ndinaganiza kuti ndi nsanje. Lero ndikakumbukira nkhope yawo ndimafuna kubwerera pakona paja, ndikadzikoke khutu ndekha. Koma mwana amene wadya phala la tchizi masabata asanu samva za munthu.

Ndinabisa theka la buledi m'juzi. Ndinamudula timagawo, n'kukwera pampanda wa amastandi mpaka padenga pathu, pamene panali njerwa ndi tayala lakale zopsinjira malata. Dzuwa la chisanu ku Joni silitenthetsa munthu koma limaumitsa chilichonse, milomo, zidendene, zovala. Masiku awiri ndinakhala padengapo masana onse, ndodo ili m'manja, kulondera buledi. Nkhunda zinabwera. Makoswe anabwera, ndipo khoswe wa ku Alex sathawa munthu. Wina wamkulu ngati mwana wa mbuzi anandiyang'ana, n'kuyang'ana buledi, n'kukhala pansi mwaulemu ngati ali pamzere wa kuchipatala. Tinakhala limodzi mpaka dzuwa linapendeka. Tsiku lachiwiri buledi uja ndinamupala padenga pomwepo, ndipo kwa nthawi yoyamba chivundikiro chija chinagwira ntchito yake. Nyenyeswa zinkagwa ngati mchenga. Chala ngakhale chimodzi sichinachekeke.

Loweruka limenelo kunali kutatsala masabata awiri kuti Julaye athe. Ndinadikira mpaka amalume atakhala pansi, poti ndinkadziwa kuti pamaso pawo amayi sakana. Ndinatulutsa kajumbo ka nyenyeswa n'kunena zonse zimene aphunzitsi anandiuza, kupatula mawu omaliza aja.

"Achemwali," anatero amalume, "yesani za mwanayu. Ine m'mimba mwangamu mwamera tchizi."

Amayi anayang'ana kajumboko nthawi yaitali. Kenaka anatenga nsalu yoyera, napukuta nsomba mbali zonse, msangamsanga. Anasakaniza nyenyeswa ndi tchizi ndi batala osayang'ana pepala la adona. Anapsinja ndi chikhato. Mbale yovundikira anaikankhira pambali ndi phazi. Ndiye anakweza kachitsulo ka mu uvuni kuti thileyi ikhale m'mwamba, pafupi ndi moto. Zimenezo aphunzitsi sanandiuze, ndipo papepala panalibe. Ndinaziona, koma ndinali wotanganidwa ndi kunyada.

Magetsi anathima, amastandi anatukwana dziko lathu, amalume anakapepesa, magetsi anayaka. Fungo limene linadzaza m'chipindamo linali lachilendo, la buledi wowotcha ndi batala. Titamasula waya, pamwamba pa nsomba panali pofiirira ngati chigumu chakupsa bwino, m'mphepete tchizi akuwira timathovu. Amalume anagogoda ndi foloko. Panalira. Ataluma, phokoso lake linali lalikulu moti amastandi anatulukira pazenera kufunsa kuti ndani akuyenda pamiyala. Mkati nsomba inali yoyera mbee, yofewa, ikugawikana yokha. Ndiyenera kuvomera, ngakhale mpaka pano zimandiwawa: inali yokoma.

"Basi!" anatero amalume. "Lolemba mukawauze adona kuti mwakonzeka."

Amayi analawa kachidutswa kakang'ono. "Yapsa bwino," anatero. Anatenga thileyi n'kupita kumpopi, ndipo anaitsuka m'madzi oluma aja nthawi yaitali zedi. Thileyi yake sinali yakuda n'komwe.

Lachisanu lotsatira anaphika ku Randburg. Abwana anawonjezera kawiri. Ntchito inapezeka. Loweruka madzulo ndinaona amayi akulongedza zovala zanga m'chikwama chachikulu cha mizeremizere, zawo akuika pena. Ndi pamene anandiuza kuti amalume apempha tchuthi, andiperekeza ku Mangochi, ndikakhala ndi mayi anga aang'ono n'kumaphunzira konko. Panapita zaka zinayi kuti ndidzafundenso bulangete limodzi ndi amayi, ndipo pamenepo n'kuti nditatalika, mapazi anga akutulukira kunsi.

Ndinali nditakula kale, ndili ndi khitchini yangayanga, pamene amalume anandiuza zotsalazo, akuseka ngati ndi nthabwala. Mayi wokalamba uja anali atawaphunzitsa amayi nsomba imeneyi kalekale, chisanu chisanayambe. Lachisanu lililonse amene ankapala buledi wouma kukhitchini ya adona anali amayi anga omwewo. Ntchito ankadziwa kuti aitenga, kunalibe kothawira. Ankangokoka masiku, Lachitatu ndi Loweruka, mpaka Julaye athe. Amalume nawo anadzazindikira mochedwa, phala lonse lija atadya kale. Ine ndiye ndinakwera padenga, kulimbana ndi makoswe masiku awiri, kuti ndidzidulire ndekha masabata omaliza. Apa sindilumbira. Palibe chimene ndawonjezera.

Ku Park Station kunali phokoso, utsi wa mabasi, anthu akumanga mafiliji ndi matilesi m'ngolo zopita kumudzi. Amayi anandimanga mpango wawo m'khosi. M'chikwama changa chaching'ono anaikamo chivundikiro chija, atachikulunga m'nyuzipepala kuti chisandicheke. Basi itatsala pang'ono kunyamuka anathamanga, n'kubwera ndi buledi wathunthu, wofunda, wongotuluka kumene, n'kundipatsira pazenera. Anangogwira galasi ndi dzanja mpaka basi inayamba kuyenda.

Ine ndinatembenukira kumbali, buledi ali pamiyendo akunditenthetsa mawondo. Ndinali nditatupa ndi mkwiyo. Ndinaumitsa buledi ndine, ndinapeza nzeru ndine, ntchito anaipeza chifukwa cha ine. Tinatuluka m'tauni, tinadutsa minda youma, ine ndikungowerengera mumtima mlandu umodzi wokha: kuti mayi ameneyu, mpaka basi kunyamuka, sanandiuze n'komwe kuti zikomo.