Zolembedwa Kumbuyo kwa Botolo

Zopita ku Joni ndinaziganiza nditakhala pamwamba pa belo la fodya limene linabwezedwa ku okushoni ya ku Mzuzu. Chaka chimenecho mitengo inagwa, ndipo m'chigwa chonse cha Henga munalibe khomo limene anthu sankadandaula. Mkazi wanga, NyaGondwe, anali woyembekezera mwana wathu wachiwiri. Nditamuuza maganizo anga sanalire. Anangoti, "Pitani, koma musakakhale ngati aja amangotumiza zithunzi atavala majekete."

Dzina langa ndine Lameck. Bambo anga anali a ku Ntcheu. Anabwera ku Rumphi ngati mlangizi wa zaulimi n'kukwatira mayi anga a ku Henga, ndiye kwathu pakhonde tinkayankhula Chichewa, kukhitchini Chitumbuka. Chingerezi chinali cha achimwene anga a Wyson. Iwo anakhoza bwino Fomu 4, ndipo kutchalitchi kukabwera alendo akunja ankamasulira ndi iwo. Ine Chingerezi chomwecho n'chimene chinandimanitsa satifiketi. Kuwerenga mokweza ndinkatha, mawu onse kuwatchula bwinobwino. Koma akatipatsa ndime n'kuika mafunso pansi pake, ndinkangosakasaka mzere wokhala ndi mawu ofanana ndi a m'funso, n'kuukopera wonse. Ndimakumbuka ndime ina yonena za sitima zoyenda pansi pa nthaka. Ndinatha nthawi yambiri ndikudzifunsa kuti kodi anthu okweramo amapuma bwanji, mpaka belu linalira.

Ku Joni ndinafikira m'kachipinda ka anyamata a ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay. Tinkagona mopanikizana, zikwama zili kumutu. Miyezi yoyamba ndinkangothamangira maganyu, lero kusakaniza simenti, mawa kuchotsa zinyalala pakhomo pa munthu. Kenako ndinapeza ntchito pa nazale ina yogulitsa mbande za maluwa ndi ndiwo zamasamba, kunja kwa mzinda. Ndinasangalala chifukwa dothi ndimalidziwa. Bwana atandifunsa ngati ndimatha kuwerenga Chingerezi ndinavomera ndi mtima wonse, ndipo sindinkaona kuti ndikunama.

Sipanapite nthawi, anandipatsa botolo la feteleza wamadzi kuti ndithirire mbande za letesi. "Zonse zalembedwa kumbuyoko," anatero akukwera galimoto. Ndinayang'ana kumbuyoko, ndinaona nambala, ndinaona chithunzi cha kapu. Ndinayeza makapu monga nambala inanenera n'kuthira m'keni imodzi. M'mawa mwake tebulo lonse la mbande linali litapsa ngati wazithira madzi owira.

Amene anandipulumutsa ndi Mai Sibanda, mayi wa ku Zimbabwe amene ankagwira ntchito yobzala m'timachubu. Kwawo anali mphunzitsi wa ku pulayimale. Anandipepesera kwa bwana, ndipo pa nthawi ya tiyi anabwera ndi botolo lija.

"Tawerenga," anatero.

Ndinawerenga mokweza, mwaulemu wake, osaphonya liwu.

"Mawu ako ndi abwino. Tsopano tembenuza botololo. Tiyerekeze kuti ine ndine mayi ako, sindinapite kusukulu. Undiuze zoti ndichite."

Ndinalitembenuza. M'mutu munalibe chilichonse chimene chinatsala. Ndinatembenuzanso botolo, ndipo nthawi iyi ndinapita pang'onopang'ono. Ndi pamene ndinaona kuti muyeso umene ndinathira m'keni uja unali wa mgolo wathunthu wa madzi. Kamawu kamodzi kakang'ono, "per", kamene ndinkangokadumpha ngati mwala wa panjira, n'kamene kananyamula nkhani yonse.

Kuyambira tsiku limenelo Mai Sibanda ankandibweretsera chinthu pa tiyi aliyense. Sanabweretsepo buku. Tsiku lina paketi ya mbewu ya sipinachi, tsiku lina kapepala ka m'bokosi la mankhwala a chimfine, pena chikalata chimene a madzi anamata pageti. Mafunso awo anali a munthu wofuna kuthandizidwa. Madzi asiya liti? Nanga ine wokhala kuseri kwa msewu zikundikhudza? Mankhwalawa mwana wanga angamwe? Ndikakumana ndi liwu lachilendo ankandiletsa kuthamangira foni. "Yamba wafunsa anzake ali pambaliwo," ankatero. "Liwu silikhala lokha."

Chinandigwira ngati matenda. Ndinayamba kuwerenga chilichonse. Pepala la buledi linandiuza kuti mu buledi amaikamo soya, ndipo ndinakhala ndikudabwa tsiku lonse kuti soya yemwe timalima ku Henga amalowa bwanji mmenemo. Kansalu ka m'khosi mwa juzi yanga kanandiuza chifukwa chimene juziyo inafupikira. Mu minibasi ndinkawerenga malamulo omatidwa pamwamba pa dalaivala n'kumawerengera mumtima amene iye mwini akuwaphwanya. Anzanga a m'chipinda ankandiseka kuti ndikuwerenga sopo m'malo mosamba, koma pasanapite nthawi ankabwera okha ndi timapepala ta kuchipatala ndi mauthenga a eni nyumba.

Ndinene zoona, kwina kunali kuthawa kusungulumwa. Lamlungu linkatalika. Mwana wanga Tiwonge anabadwa ine ndili pakati pa mapoto a maluwa, ndinamuonera pafoni. Mauthenga ochokera kumudzi ankayamba ndi "monire adada" n'kuthera pa feteleza, fizi kapena malata. Sindikuwadandaula, ndinapitira zomwezo, ndipo ndinkatumiza mmene ndikanathera. Koma panalibe amene ankafunsa kuti kodi iwe wadya chiyani lero. Lero lino ndikamva fungo la dothi lothiriridwa m'mawa, ndimakumbuka Lamlungu la kumeneko, nditakhala pa chidebe kuseri kwa nyumba ndikuwerenga nyuzipepala yakale imene anakulungira nsomba.

Tsiku lina bwana anandisankha kuti ndizipopera mankhwala. Asanandipatse sipuleya anandipatsa magolovesi, chophimba kumaso ndi ovolosi, n'kunena kuti ndiwerenge kaye chigubu. Ndinachitenga n'kukhala pansi. Fungo lake ndinalizindikira nthawi yomweyo. Linali lija la kudimba kwathu, m'mbali mwa mtsinje wa Rukuru, kumene ine ndi achimwene tinkalima tomato nthawi yachilimwe.

Chigubucho chinkanena kuti mankhwalawo amalowa m'thupi kudzera pakhungu. Chinkanena kuti zovala zopoperera zizichapidwa pazokha. Chinkanenanso kuti ukapopera, uzidikira masabata awiri usanathyole chipatso. Ndinabwereza mzere umenewo kufuna kupeza pamene ndalakwitsa kumva, koma panalibe. Ife tinkavundula mankhwala ndi kamtengo, pena ndi dzanja. Tinkapopera titavula malaya chifukwa cha kutentha. Tinkapopera Lachinayi kuti tomato awale, Loweruka n'kupita naye ku Boma. Ndinakumbuka manja a achimwene, osendeka ngati mbatata yophika, ndi mutu umene unkawapweteka akaweruka kudimba.

Madzulo ake ndinawaimbira.

"Achimwene, mankhwala aja timapopera tomato, munayamba mwawerengapo kumbuyo kwake?"

Anaseka. "Iwe Lameck, wayamba liti kundifunsa mayeso? Adada ankapopera omwewo, anafa ndi shuga."

"Akuti tizidikira masabata awiri."

"Amenewo amalembera azungu a kumeneko. Kuno tomato akapsa sadikira munthu. Yewo chomene, mayunitsi ako asathe."

Ndinakhalako zaka zingapo. Chimene chinandibweza si ndalama, chifukwa ndalama sizikwana. NyaGondwe ananditumizira uthenga wa mawu, ndipo kumapeto kwake anati, "Tiwonge wayamba sukulu. Dzulo amandifunsa ngati adada ake amakhala m'foni momwemo kapena amatuluka." Ndinaumvera kangapo. Mwezi wotsatira ndinatsanzika. Mai Sibanda anandipatsa mapaketi a mbewu kuti ndikayese kwathu, ine ndinagula magolovesi ndi zophimba kumaso za anthu awiri.

Nditatsika minibasi pa Rumphi Boma ndinaima kaye ngati mlendo. Sikuti tauni inasintha kwambiri ayi. Chinandidabwitsa n'chakuti paliponse panali polembedwa. Pakhoma la chipatala, pa matumba a feteleza, pa chitseko cha ofesi ya zaulimi, pa mapaketi a mbewu ya chimanga. Ndinakulira pomwepo, ndinkadutsa pomwepo, koma zonsezo ndinkaziona ngati utoto. Ndinayenda pang'onopang'ono ndi chikwama kumsana ndikuwerenga tauni yanga, mpaka wa kabaza wina anandifunsa ngati ndasochera.

Tiwonge anandibisalira kuseri kwa mayi ake masiku oyamba. Ndinamusiya azolowere yekha, ine n'kupita kudimba. Linali Lachinayi, ndipo ndinawapeza achimwene akukonzekera kupopera. Ndinawapatsa magolovesi, anawayesa, n'kuwapachika pamtengo. Ndinati tiwerengere limodzi botolo, ndipo anandipatsa akumwetulira. Linali kabotolo ka zakumwa zoziziritsa kukhosi, kodzaza theka ndi madzi achikasu. Kanalibe pepala lililonse.

"Werengatu, aphunzitsi," anatero.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti pafoni paja ndinawafunsa funso lopanda pake. Kwathu anthu ambiri sagula chigubu chathunthu. Amagula oyezeredwa pang'ono, ndipo malangizo amawamva pakamwa pa wogulitsa, amene nayenso anamva kwa wina. Dzina la mankhwalawo palibe ankalidziwa. Ankangoti "achikasu aja".

Ndinafuna kudziwa kumene achokera. Loweruka ndinawakakamiza achimwene kuti tipite kwa amene amawagulitsa, mayi wina wa kagolosale ka zaulimi kuseri kwa msika, dzina lake NyaMhango. Poyamba anachita mantha, ankaganiza kuti ndatumidwa ndi boma. Nditafotokoza, anawerama n'kutulutsa chigubu pansi pa kauntala. Pepala lake linali lothimbirira ndi mafuta, zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere.

Sindinawerenge ine. Ndinawapatsa achimwene, chifukwa Chingerezi chawo chimaposa changa mpaka lero. Anayamba mokweza, ndi mawu awo aja a kutchalitchi, anthu ogula mbewu n'kuyamba kutchera khutu. Atafika pakati mawu anatsika. Kenako anasiya kutchula, milomo yokha ikuyenda. Anasendeza chigubu kufupi ndi kuwala kwa pakhomo, chala chili pamzere umodzi.

"Akuti chiyani, adada?" anafunsa NyaMhango.

"Akuti kachivundikiro kamodzi pa sipuleya yonse."

"Ine ndimauza anthu tiwiri. Amene amandipikulitsa anandiuza choncho."

"Ine ndimathira titatu," anatero achimwene, osayang'ana munthu. Anapitiriza kuwerenga. "Akutinso mayi woyembekezera asayandikire."

NyaMhango anali ndi pakati poonekera, ndipo mankhwalawo ankayezera yekha m'timabotolo, ndi manja osavala kanthu. Anapempha achimwene kuti amufotokozere m'Chitumbuka zonse kuyambira pamwamba, ndipo anatero, mzere ndi mzere, anthu ataunjikana pakhomo mpaka kutseka kuwala. Bambo wina anathamangira kunyumba kukatenga paketi ya mankhwala osungira chimanga kuti amuonerenso.

Pobwerera tinapalasa njinga mpaka ku Henga aliyense ali ndi zake mumtima. Sindinganene kuti achimwene anasintha tsiku lomwelo. Chophimba kumaso anachikana, amati chimawabanikitsa. Koma alamu anga anayamba kuchapa zovala za kudimba pazokha, ndipo magolovesi aja anachoka pamtengo.

Vuto linali tomato. Anali atapopera kale Lachinayi lija, ndipo munda unali utayamba kufiira. Amayi ogula mopikula anabwera ndi madengu awo, achimwene n'kuwabweza. Anabweranso, anawabwezanso. Dzuwa la Okutobala silinawachitire chifundo. Pofika tsiku lothyola, tomato wambiri anali atafewa, wina ataphulika pamtengo pomwepo, ndipo mitengo ku Boma inali itatsika chifukwa alimi ena anali atadzaza kale msika. Ndalama imene ankayembekezera inali ya fizi ya mwana wawo wamkazi wa ku sekondale, ndipo inaperewera. Ndinathandizapo, koma mumtima ndinkaopa kuti andida.

Tsiku limenelo tinasankha tomato mpaka dzuwa kupendeka, wabwino m'dengu, wowola pamulu. Mulu unkakula kuposa dengu. Achimwene anaimirira, nawongola msana, n'kuyang'ana muluwo nthawi yaitali.

"Chingerezi chako chandidyera munda, Lameck."

"Pepani, achimwene."

"Usapepese. Ndinawerenga ndekha." Anapukuta manja pa thalauza, napisa m'thumba, n'kutulutsa kapepala kopindapinda kamene anamatula pa botolo lina. "Awa ndi a kabichi. Ndagula a pepala lake, odula. Pali liwu lina apa landivuta. Tabwera kuno kukadali kowala."