Mpando wa a Khalani Kaye

Shopu yanga yosokera zovala inagundizana ndi kachipinda kojambulira zithunzi, ndipo chotilekanitsa ndi thabwa lopyapyala basi. Ine ndikayetsemula, kwinako amati pepani. Choncho za mayi wojambulayo ndimazidziwa bwino, ndi zosandikhudza zomwe.

Dzina lawo lenileni tinaliiwala kalekale. Mumsewu muno tonse timangoti a Khalani Kaye, chifukwa ndiwo mawu amene amalandirira aliyense. Munthu afike thukuta lili kamukamu, akufuna kachithunzi ka pachiphaso, iwo amangomukokera mpando wapulasitiki wobiriwira: “Khalani kaye.” Kamera amaigoneka pamiyendo ngati khanda, n'kuyamba kucheza.

Ntchitoyi anaitengera kwa amuna awo, bambo waphuma amene ankajambula anthu mokalipa. “Dzutsani mutu! Sekani! Osati choncho!” Pazithunzipo anthu ankatuluka atatong'ola maso ngati awagwira akuba nkhuku. Bamboyo atayamba kuvutika maso, mayi anatenga kamera, koma kukalipako anawasiyira eni ake. Iwo sauza munthu kuti aseke kapena akonze kolala. Amamufunsa za tsiku lake, za ntchito ya manja ake, kenako amangokhala duu, kumvetsera. Amakhala chete nthawi yaitali moti ine kuseri kuno lilime limandiyabwa. Munthu uja akayamba kunena zakumtima kwake nkhope imamasuka yokha, ndipo pamenepo m'pamene kamera imalira.

Mwana wawo wamkazi, amene akuphunzira za maganizo a anthu kukoleji, anawauza tsiku lina kuti kumvetsera munthu osamuweruza kotereku kuli m'mabuku awo. “Chabwino,” anatero mayi. “Ukawauze olembawo abwere adzajambulitse.”

Kwa ine zonsezi zinali kutaya nthawi. Ndine munthu wa tepi ndi sizasi: chatalika, dula.

Chaka chatha mng'ono wanga anabwera kudzakhala nane ukwati wake utatha. Mwamuna wake anakhala zaka akumuuza kuti ndi mbuli yosatha kanthu, mpaka iye anakhulupirira. Ankayenda choweramira pansi, akagunda chitseko n'kuchipepesa. Zinkandiwawa kwambiri. Ndinaganiza zomulembetsa kusukulu ya ntchito zamanja kuti aphunzire kusoka, tizithandizana. Tsiku lotseka kulembetsa linafika iye akukanabe.

“Achemwali, ine mutu wanga ndi wouma. Ndikangokuchititsani manyazi.”

Ndinadziwa kuti tsikulo likadutsa sadzayesanso. Ndinamukoka dzanja mpaka kwa a Khalani Kaye, poti kusukuluko ankafuna zithunzi.

“Amayi, lero zokhala kaye ayi, ofesi atseka masana ano. Iwe, wongola khosi! Tsitsilo bwanji?”

“A telala,” anatero mayi mwaulemu wonse, “ndikumva ngati makina anu akukuitanani.”

Ndinatuluka ndikung'ung'udza, n'kukakhala pamakina osawapalasa, khutu lili kuthabwa.

“Simukufuna kujambulidwa,” ndinamva mayi akutero.

“Ayi.”

“Palibe vuto. Mpandowo sulipiritsa.”

Kunati zii. Ndinaluma ulusi, ndinaulavula, kunali kudakali zii. Kenako mawu aang'ono a mng'ono wanga anamveka: “Pepani amayi, nyale yanu yojambulirayi ikuphethira. Mwina waya wamasuka m'pulagi.”

“Mwina eti? Mumazidziwa zimenezi?”

“Kudziwa ayi. Kungoti kunyumba kuja ayironi, ketulo, wailesi, zikafa ndinkazitsegula amuna anga aja akachoka. Akabwera ankati zadzikonza zokha.”

Mayi anaseka, iyenso anaseka. Kuseka kwake ndinali nditakuiwala.

“Ndiye mukamatsegula zinthuzo mumamva bwanji?”

“Ndimaiwala kuti ndine wopusa.”

Ndikanakhala ine ndikanalumphira pomwepo: ndani wati ndiwe wopusa? Mayi sanatsutse, sanatonthoze, anangomusiya ndi mawu akewo. Patapita kanthawi mng'ono wanga anati, pang'onopang'ono ngati akuponda pamadzi oti sadziwa kuya kwake, “Komatu wopusa sangakonze ayironi.”

“Inuyo mukuona bwanji?”

“Muli ndi sikuludiraiva?”

Ndinamva dirowa ikutseguka, tizitsulo tikulira. Kenako kuwala kumene kumalowera pamphako ya thabwa kunasiya kuphethira, ndipo kamera inalira.

Mng'ono wanga analowa m'shopu mwanga zithunzi zili m'manja. “Achemwali, ndikukalembetsa. Koma zosoka ayi. Zamagetsi.”

Ndinatsegula pakamwa. Mawu anali atafola kale: za amuna zimenezo, msinkhu wakowu, nanga shopu? Ndiye ndinayang'ana chithunzicho. Tsitsi linali losapesa ndithu, kolala itapindika mbali imodzi, koma maso ankandiyang'ana osaphethira, chibwano chili m'mwamba. Mawu aja ndinawameza.

“Fulumira, atseka,” ndinatero.

Pano akumaliza chaka choyamba, ndipo kunyumba kulibe soketi imene sanaimasulepo. Ovolosi ya kusukulu ndinamusokera ndine, ya buluu, yomukhala bwino zedi. Anaibweza, ati matumba achepa, pulayala sikulowa. Ndinakonza. Anaibwezanso, ati kukhwapa kukuthina akamakweza manja kudenga. Ndinakhala pamakina kusomola ulusi wanga womwe, ndikuseka ndekha misozi ikulengeza. Zaka zonsezi mwana ameneyu anali asanauzepo munthu kuti ichi sindinachikonde.