Injiniya wa ku Limbe ndi zala za a Namakhwa

Munthu anabwera kudzakonza kompyuta, anachoka atadula zala za mnzanga. Kompyutayo sanaikonze. Womenyedwa ndi kuchotsedwa ntchito ndinali ine. Nthawi imeneyo tinkangomeza mate. Lero ndinena zonse.

Ndinkagwira ntchito mu wekishopu ya esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje, chakumapeto kwa ulamuliro wa chipani chimodzi. Ntchito yanga inali kunola marola, zitsulo zamano zimene zimadula masamba a tiyi m'fakitale. Mano akabuntha, tiyi sapangika. Eni esiteti anagula makina atsopano osema chitsulo, oyendetsedwa ndi kompyuta. Umangoika rola, kudina mabatani, mpeni n'kumasema wokha. Kampani ya ku Limbe imene inawagulitsa inalumbira kuti akadzangovuta tidzaimbe foni, adzafika tsiku lomwelo.

Anavuta m'dzinja, tiyi atachuluka m'minda. Kunagwa mphenzi, kutacha kompyuta ili zii. Kudina batani, galasi lili bii. Ndinayang'ana mafyuzi, anali bwinobwino. Ndinakoka batani lofiira lozimitsira pangozi. Ndinatsitsa switchi yaikulu n'kuikwezanso. Palibe. Zimene anatiphunzitsa zinathera pomwepo, ndipo bokosi la kumbuyo anatiletsa kutsegula.

Ndinaimba foni. Mayi wa pa ofesi yawo anati injiniya ali ku maliro. Mawa lake anati galimoto ilibe mafuta. Kenako anandifunsa ngati makinawo ndawalumikiza kumagetsi. Ine, ndi ndevu zangazi? Ankaganiza kuti ndikuyatsa ndi machesi?

Uku marola akubuntha, masamba akuwola m'fakitale. Amayi otchola tiyi ankabwezedwa pa sikelo madengu ali odzaza, mwezi wa njala, ana akudikira kunyumba. Akamadutsa pa wekishopu ankatukwana ife. Sindiwadandaula. Ku Limbe akanafikako bwanji?

Sabata yotsatira injiniya anatulukira masana. Tayi pakhosi, baji ya chipani pachifuwa, fungo la mowa patsogolo. Dalaivala wake anandinong'oneza kuti anayamba aima pa Chitakale kutsuka kukhosi. Zida? Sikuludiraiva imodzi m'thumba la malaya. Basi.

Moni wathu sanayankhe. Anati makinawo tawaononga ndife, ndi manja athu ozolowera khasu. Ananena zimenezo pamaso pa a Namakhwa, mkulu wa ku Chonde amene anandiphunzitsa ntchito, munthu amene anayamba kusema chitsulo injiniyayo asanabadwe.

Anatsegula bokosi la kumbuyo magetsi ali oyaka.

"Bwana, tizimitse kaye?" ndinafunsa.

"Injiniya ndiwe kapena ine? Vuto ndiliona bwanji magetsi atazima?"

Anagogoda apa, anagogoda apo. Anauzira mpweya pa mawaya ngati akukoleza moto. Galasi lili bii. Kenako anakuwa ali kumbuyo komweko: "Madala, masulani mpeniwo, mwina ndi umene wagwira."

Mpeni ukukhudzana bwanji ndi kompyuta yosayaka? A Namakhwa anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Masiku amenewo munthu wa baji sunkamufunsa kawiri. A Namakhwa anagwira mpeni ndi dzanja lamanja, lamanzere n'kuika sipanala.

Injiniya, mutu uli m'bokosi, osayang'ana, osachenjeza, anakankha ndi sikuludiraiva kaswitchi kamene kamapereka magetsi ku mota ya mpeni.

Mota inalira. Sipanala inauluka n'kuswa zenera. Magazi anandithira kumaso, ofunda. Ndinathamangira switchi yaikulu, koma zinali zitatha kale. A Namakhwa anali atakhala pansi akuitana amayi awo m'Chilomwe, amayi amene anamwalira kalekale. Kudzanja kunatsala chala chachikulu ndi chamkombaphala. Zinazo zinali m'zinyenyeswa za chitsulo.

Mukudziwa mawu oyamba a injiniya? Anafunsa kuti anawauza ndani kuti agwire pamenepo. Akufunsa uku akupukuta tayi.

Ndinamanga mkonowo ndi lamba wanga. Ndinamupempha injiniya kuti galimoto yake iwatengere kuchipatala cha mishoni. Anakana. Anati mipando ya galimoto ya kampani ida ndi magazi, akayankha chiyani kwa mabwana ake?

Mipando!

Ndinamugwira tayi ija n'kuikulunga m'dzanja. Ndinamumenyetsa mutu pabokosi lomwelo. Chibakera pakamwa, dzino pansi. Chachiwiri pamphuno. Baji inathothoka n'kugwera m'ngalande ya oilo. Anzanga akanapanda kundigwira, bwenzi lero tikukamba nkhani ya mtembo. Sindikupepesa.

A Namakhwa anapita kuchipatala pa ngolo ya thirakitala yonyamula masamba, akugubuduka m'matope, atakomoka.

Injiniya sanalunjike ku Limbe. Anakhotera kwa wapampando wa chipani. Kumeneko anakanena kuti ndazula baji n'kuiponda dala, komanso kuti ndine amene ndinaononga makina pofuna kusokoneza chitukuko. Dzuwa lisanalowe, achinyamata a chipani anali pakhomo panga ku komboni. Anandikokera pabwalo, mkazi wanga akuona, ana akulira. Ndodo kumsana. Nsapato m'nthiti. Mmodzi anandiponda khutu lamanzere, mpaka lero silimva. Akumenya ankangofunsa za baji. Baji ili kuti? Waiponderanji baji? Za zala palibe anafunsa.

Ndinagona m'chitokosi ku boma. Potuluka ndinapeza ntchito yatha, m'nyumba ya esiteti imene ndinkakhala muli munthu wina.

Nanga kompyuta? Anzanga anandiuza kuti kunadzabwera munthu wina amene anayamba wazimitsa magetsi. Anapeza kuti mphenzi inawotcha kachipangizo kopereka magetsi ku kompyutayo. Anasintha, makina anayaka. Mpeni unalibe mlandu uliwonse. Mkulu uja anagwira chitsulo chija pachabe.

A Namakhwa atachira anawaika pa geti kukhala mlonda. Akuluakulu anagwirizana kuti ngoziyo inachitika chifukwa cha kusasamala kwa a Namakhwa. A ku Limbe sanapondeko kuchipatala, ngakhale kutumiza pepani wapakamwa.

Ndiye ndikufunsa. Anamutuma ndani munthu woledzera kudzagwira magetsi? Anamuphunzitsa kuti? Atabwerera ndi dzino loguluka, mabwana ake anamufunsa chiyani? Kapena anangoyang'ana mipando n'kuona kuti ili yoyera?

Inu achinyamata amene muli pa makina lero, ndimvereni. Wokonza akafika, kaya wavala chiyani, kaya wachokera kuti, tsitsani switchi yaikulu ndi dzanja lanu, muikepo loko, kiyi m'thumba. Akakana, chotsani manja anu, agwire yekha.

Ndipo iwe injiniya, ngati ukadali moyo, a Namakhwa alipo. Akalamba, amakhala pakhonde kwawo ku Chonde, aliyense akulozera. Pita ukawapatse moni wa m'manja.