Kulira kwa Njinga ya Lemani

Ku Doha nyengo yozizira imadziwika ndi njinga zamoto. Kutentha kukatha, eni nyumba za kudera la Al Waab amazitulutsa m'magalaja, ndipo Lemani, mlonda wa pageti, amawatsegulira ali ndi chimwemwe.

Kwawo ku Ntcheu ankachita kabaza wa njinga yamoto. Anaboola paipi ya utsi ndi msomali, njinga yake n'kumalira mosasa mawu ngati munthu wachimfine. Azimayi akaimva ali kudimba, ankasenza tomato n'kuthamangira kumsewu. Pobwera kuno anaisiyira mlamu wake kuti izidyetsa mkazi wake Callista ndi ana.

Mvula yoyamba itagwa kumudzi, Callista anaimba foni.

"Bambo a Olipa, Overtone wa kabaza uja nayenso waboola yake. Makasitomala athu akumatuluka n'kukwera ya iyeyo, akumayesa ndi yathu."

Mwa eni njinga a pageti paja munali loya wina waimvi, wokonda kucheza. Lemani anamufunsa ngati munthu angabe kulira kwa injini. Loyayo anaseka. Kenaka anati makampani ena anayesapo kulembetsa kulira kwa njinga zawo kuti lamulo likuteteze, koma si nkhani yapafupi. Choyamba mwiniwake asonyeze kuti kulirako n'kosiyana ndi kwa ena.

"Ubwere nako ndidzakumve, inshallah, Mulungu akalola."

Lemani anauza Callista kuti arekode njinga zonse ziwiri. Mauthenga atafika, anakhala pamthunzi wa khoma, foni ili kukhutu. Anamvera woyamba, wachiwiri, n'kubwereranso. Kenaka anaimba.

"Yathu ndi iti?"

"Mukufunsa ine? Si munaboola nokha?"

"Ndikuidziwa. Tangonena."

"Ndinabisala kuseri kwa golosale kuti Overtone asandione. Zinadutsa motsatana. Nanenso sindikudziwa."

Anamveranso. Mu uthenga wina munkamveka achule, mu winawo madzi a padenga. Njinga zonse zinkalira molemera, zikulimbana ndi matope. Yomwe iye ankaikumbukira inali ya chilimwe, ya msewu wouma, yopepuka pafumbi.

Madzulo loya uja anaima pageti, n'kuvula chipewa chake, n'kutambasula dzanja. Lemani anamupatsa foni. Bamboyo anamvera uthenga woyamba atatsinzina, akugwedeza mutu.

"Yakoyo ndi imeneyi?"

Lemani anayang'ana foniyo kwa kanthawi.

"Dikirani, bwana. Timve inayo kaye."